Spiriti mgalimoto? Pakansalu basi, zopopera ponseponse zija tisiye

Korona inazilala kale, bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linalengeza mu May 2023 kuti siilinso nkhani yadzidzidzi ya dziko lonse, mamasiki tinataya, ndowa zosambira mmanja za pakhomo pa shopu zija ena akusungiramo ufa, koma pali kachizolowezi kamodzi komwe kakukana kuchoka, kopopera spiriti kapena sanitaiza mkati mwa galimoto, pamipando, padashibodi, pasikirini, mpaka kudenga, kenako kutseka mawindo onse ati mankhwala agwire bwino. Ine ndikuti izi tisiye. Alikoholo, yemwe ali mu spiriti ndi sanitaizayo, ntchito yake mgalimoto ilipo sindikukana, koma ndi yaing'ono kwambiri, ndi ya pakansalu, pa malo ochepa olimba omwe manja amagwiragwira, zitseko zili chitsegulire injini itazima. Zoposa apo ndi kungowononga galimoto yomwe munaivutikira kuchokera ku Dar es Salaam mpaka kuiwombola pa Songwe, komanso kuitana moto pamalo poti inuyo mwakhala mkati mutamanga lamba.

Komwe mantha amachokera ndikukumvetsa. Amene tinaona January 2021, pomwe nduna ziwiri zinamwalira ndi korona tsiku limodzi pa WhatsApp pali mauthenga a maliro okhaokha, sitingamuseke munthu chifukwa choopa tizilombo. Komanso galimoto kwathu kuno si ya munthu mmodzi olo mapepala ake akhale mdzina la mmodzi. Usiku ndi ambulansi ya mtunda wonse, mmawa yanyamula ana a neba kupita kusukulu, Loweruka achibale ochokera kumudzi ndi nkhuku zawo, nthawi zina ndi maliro omwe. Wa Sienta ya takisi patsiku amakweza anthu osawadziwa ambirimbiri, wina akutsokomola osatseka pakamwa wina ali ndi mwana wotsegula mmimba. Nde munthu akamafuna kuti mgalimoto mukhale mwaukhondo akuganiza bwino ndithu. Vuto ndi loti tinazolowera kuyeza ukhondo ndi mphuno, kakangomveka kafungo kobaya ka kuchipatala kaja basi mtima pansi ati tizilombo tafa. Fungo limenelo silikukuuzani kuti chafa chilichonse ayi, likukuuzani kuti mpweya womwe mukupumawo wadzaza chinthu choyaka.

Anthu ambiri amaganiza kuti alikoholo kuti ayake afunika atenthe kaye. Ayi ndithu. Chomwe chimayaka si madziwo koma nthunzi yomwe imatuluka pamwamba pake, ndipo ethanol, alikoholo yemwe amapezeka mu mowa uja, akakhala wosasungunula amayamba kutulutsa nthunzi yokwanira kugwira moto pa madigiri 13 okha, alikoholo wina wa mmafamase wotchedwa isopropyl pa 12. Wosungunula kufika pa 70 peresenti amakwera pang'ono chabe, cha mma 20, komwe kwathu kuno ndi mmawa wamba. Kutanthauza kuti olo tsiku wamba botolo lanulo lakonzeka kale, nanga kuli bwanji ku Nchalo kapena ku Salima mu October pomwe galimoto yoimikidwa padzuwa mawindo otseka mkati mwake mumatha kupitirira madigiri 60, chiwongolero osagwirika nkomwe mpaka kuchita kuyendetsa ndi nsonga za zala. Ndipo zisatidabwitse, ethanol yemweyu ndi amene ali mthanki. Dziko lino linayamba kusakaniza ethanol ndi petulo mu 1982, wochokera ku fakitale ya ku Dwangwa, kenako kunabwera ina ya ku Chikwawa, onse opangidwa kuchokera ku zotsalira popanga shuga. Chinthu choti chikalowa mu injini chimakankha pisitoni, ifeyo tikuchimwaza pampando poti pakhale mwana.

Tiwerengetse pang'ono. Mkati mwa kagalimoto ngati Vitz kapena Passo mpweya wake sufika olo malita 3,000 bwinobwino. Nthunzi ya ethanol imagwira moto ikangofika pa 3.3 peresenti ya mpweya, ya isopropyl pa 2 peresenti basi. Mukachita masamuwo mupeza kuti alikoholo wa 70 peresenti wodzaza pafupifupi botolo limodzi la Fanta lagalasi lija, akauma yense mgalimoto yotseka yotentha, wakwana kusandutsa mpweya wonse wamkatimo kukhala woyaka. Wina ati aaa ine sindithira wochuluka choncho. Chabwino, koma masamu amenewo ndi a galimoto yonse, pamwamba penipeni pa mpando wonyowa nthunziyo imakhala yothithikana kale olo mwangopopera kangapo, ndipo poti ndi yolemera kuposa mpweya wamba imatsikira kumapazi, kunsi kwa dashibodi, komwe kuli mawaya. Mawaya a mgalimoto zathu timawadziwa tokha. Wailesi inalumikizidwa pansi pa mtengo wa mango ndi selotepi, alamu anaika wina kenako anadula wina osamanga bwino, chaja ya foni ya pamsika imathetheka ukamaisomeka, ndiye onjezani chigubu cha petulo chomwe chili kubuti chifukwa cha mizere ya mafuta ija tonse tikuidziwa. Choopsa china nchoti moto wa alikoholo ndi wabuluu wotumbuluka, masana padzuwa suoneka bwino, umayamba kumva kuwotcha pamwendo kapena pamkono usanaone lawi, pomwe uzizindikira nsalu ya mpando ndi siponji zagwira kale, ndipo utsi wa siponji ndi pulasitiki ndi umene umakomola anthu.

Izi si zongoopseza. Mu April 2015 ku Long Island, New York, ku America, bambo wina anabwereka galimoto ya hayala nkuganiza kuti muli nsikidzi, mnzake atamuuza kuti alikoholo amapha nsikidzi anathira mkati monse ali pamalo oimika magalimoto pa supamaketi, kenako nkukhala mkati momwemo kuyatsa ndudu. Galimoto inapsa, iye anapsa koma anapulumuka, magalimoto ena awiri oyandikana nawo anaonongeka. Mu May 2021 ku Rockville, Maryland, ku America komweko, dalaivala wina anapaka sanitaiza mmanja ndudu ili yoyaka mgalimoto, galimoto yonse inathera pomwepo. Muone kuti nkhani zonse ziwirizi palibe anachita zodabwitsa, ndi zinthu zoti dalaivala wa minibasi pa depoti angachite lero masana osaganiza kawiri, kupopera, kukhala pansi, kutulutsa laita.

Apa ndiyikepo kamodzi kowongola, chifukwa mbali inayi nakonso kuli bodza. Mukukumbukira chithunzi chinazungulira mmagulupu mu 2020, chitseko cha galimoto chopsa, ati botolo la sanitaiza linaphulika lokha chifukwa cha dzuwa? Zimenezo ayi. Kuti ethanol ayake yekha popanda lawi kapena kuthetheka pafunika madigiri oposa 360, ndipo palibe dzuwa la ku Nsanje lingafikitse galimoto pamenepo. Kabotolo kotseka bwino kali mthumba la chitseko sikangakuwotchereni galimoto. Chomwe kutentha kumachita nkuti alikoholoyo amathawa pang'onopang'ono chivindikiro chikakhala chosamanga, botolo limafufuma nkumadontha, pakapita miyezi mwatsala ndi madzi onunkhira opanda mphamvu. Nde botolo lotseka musaliope, opani lotsegula ndi lopopera.

Tsopano funso loti mbotolomo muli chani kwenikweni, chifukwa apa ndi pomwe timanamizana kwambiri. Pakawoshi ina mtauni ndinaona mnyamata atatenga botolo lopopera lomwe kale munali mankhwala otsukira mawindo, lebulo itafufuta, mkati muli spiriti wapepo uja wa mmashopu a hadiweya atamuonjezera madzi a mndowa momwemo akutsukiramo matayala, nkumafunsa kasitomala aliyense kuti bwana tisanitaize? Bwana akavomera iye amalowetsa mutu ndi mapewa mkati, chitseko chimodzi chokha chotsegula, fwaa fwaa kumipando yakumbuyo, akutuluka maso ali psuu akutsokomola, mtengo wakwera. Spiriti wapepo uja nthawi zambiri amamuthira methanol dala kuti anthu asamamwe, ndipo methanol ndi poizoni woononga mitsempha ya maso, amalowa mthupi osati pomwa pokha komanso popuma ndi pakhungu. Sindikuti mukapukuta naye chiwongolero kamodzi muchita khungu ayi, koma mnyamata wopumira nthunzi imeneyo mgalimoto zotentha tsiku ndi tsiku, opanda olo kansalu kumphuno, ameneyo tikumulakwira. Ku America bungwe loona za zakudya ndi mankhwala la FDA linayamba kuchenjeza mu June 2020 za masanitaiza omwe anapezeka ndi methanol, ena lebulo yake ikunena kuti ndi ethanol, nde ngati zinachitika kumeneko koyeza zinthu kwambiri, botolo lopanda lebulo logula pamsika mulikhulupirire chani. Ndiponso mtundu wapepo uja pampando wotuwa umasiya chizindikiro chosachoka.

Ena amati ine ndimagwiritsa jini kapena kachasu, mowa ndi mowa. Jini ndi vodika za mbotolo zimakhala cha mma 40 peresenti, pomwe kuti alikoholo aphe tizilombo pamalo pafunika 70, mmanja osachepera 60. Kachasu ndiye mphamvu yake olo wotcheza saidziwa, wamutu ndi wakumapeto ndi zinthu ziwiri zosiyana. Mungonunkhitsa galimoto, nkukavutika kufotokoza pa rodibuloko kuti ayi bwana sindinamwe ndimatsuka mipando. Sanitaiza wa jelo uja nayenso si wa pachiwongolero, muli glycerine wofewetsa manja yemwe sauma, amasiya kuterera pamalo poti dzanja lifunika kugwira zolimba, kenako fumbi lonse la mseu limadzamatirira pomwepo. Komanso amene amasaka wa 99 peresenti poganiza kuti ndiye chimphona, akulipira zambiri pa chinthu chofooka, chifukwa alikoholo amafuna madzi pang'ono kuti aphwanye mapuloteni a kachilombo, ndipo wopanda madzi amauma asanagwire ntchito.

Nkhani ya kuuma msangayi ndi yomwe imandipangitsa kunena kuti kupopera kwambiri kuja ndi chionetsero chabe. Kuti alikoholo aphe chinthu pafunika malowo akhale onyowa kwa kanthawi, masekondi 30 kapena kuposa, ndipo akhale oyera kale. Padashibodi yoti yaotchedwa ndi dzuwa kuyambira mmawa mukapopera zimauma musanabweze olo dzanja. Pachiwongolero chomwe chili ndi litsiro lakuda la thukuta, mafuta a chipisi ndi mafuta odzola la zaka zingapo, tizilombo tili kunsi kwa litsirolo, spiriti amangodutsa pamwamba. Pampando wansalu ndiye nkosatheka, amalowa msiponji osafika paliponse mokwanira, kenako nkumatuluka pang'onopang'ono ngati nthunzi inu mukuyendetsa, mutu waa, maso akuyabwa, muli pa Zalewa mukupikisana ndi mathiraki. Tikumapopera ngati tikupopera tomato kudimba, koma mbozi za pa tomato zimaoneka zikagwa, apa palibe chagwa.

Ndipo chachikulu kwambiri, matenda omwe timaopa mgalimoto ambiri sakhala pachiwongolero, ali mumpweya. Mu April 2021 bungwe loona za matenda la CDC la ku America linanena poyera kuti mwayi wotenga korona pogwira malo omwe pali kachilomboka ndi wochepera 1 pa 10,000, ndipo kuti nthawi zambiri sopo ndi madzi zakwana. Kachilombo ka korona kali ndi chikuto chamafuta, sopo amaching'amba, palibe matsenga. Chakumapeto kwa 2020 ofufuza a ku Brown University ku America anayerekeza pakompyuta mmene mpweya umayendera mgalimoto yothamanga makilomita 80 pa ola muli anthu awiri, anapeza kuti choipitsitsa ndi kutseka mawindo onse nkudalira eyakoni, chabwino kwambiri ndi kutsegula onse anayi, ndipo ngati simungatsegule onse, kutsegula windo la mbali ina yotalikana ndi pomwe mwakhala kumathandiza kuposa kutsegula lapafupi nanu, chifukwa mphepo imadutsa pakati pa anthu awiriwo nkutuluka. Chifuwa chachikulu, chomwe kwathu kuno chinalipo korona asanabwere ndipo chikadalipo, sichifala pogwira chitseko ayi, chimafala popumira mpweya umodzi ndi wodwala pamalo otsekeka.

Nde taganizani za minibasi ya mmawa mu June. Anthu anayi pamzere, mawindo onse tseke, magalasi achita nthunzi mpaka kondakitala akupukuta ndi dzanja la juzi kuti aone siteji, kumbuyo kuli bambo akutsokomola chifuwa chochokera pansi penipeni. Yesani kutsegula windo muone. Mayi wakumbuyo kwanu akugwirani paphewa, achimwene tsekani kukuzizira ndili ndi mwana, wina ati fumbi, wina ati tsitsi langomangidwa dzulo, mawindo ena ndiye anachita kukhomedwa ndi sikuruu chifukwa loko anathyoka kalekale. Minibasi yomweyo madzulo a dzulo lake mwina anaipopera spiriti pakawoshi, mwini wake nkulipira. Ine pakati pa galimoto yopopera yotseka mawindo ndi galimoto yosapopera yotsegula mawindo, ndikwera yachiwiriyo tsiku lililonse, ndipo mwanayo mumufunditse chitenje windo likhale chitsegulire olo zala zitatu.

Tibwere kwa galimoto yeniyeniyo, poti ambiri moto sauopa koma kuonongeka kwa katundu amakumva. Alikoholo amasungunula zinthu, ndiyo ntchito yake. Chikopa cha pampando kapena pachiwongolero chili ndi kautoto kopyapyala pamwamba koteteza, mukamapaka spiriti pafupipafupi kautotoko kamasungunuka, poyamba mumaona kansalu kanu kada mumvekere eee litsiro lonseli, pomwe mukuchotsa mtundu wa chikopacho, kenako pamayamba kunyezimira, kumata, kusupuka pomwe pamakhala zala zazikulu. Kagalasi ka pa sipidomita si galasi ayi ndi pulasitiki, ndipo mtundu umenewo ukakumana ndi alikoholo umatha kuchita mbuu kapena kuchita timing'alu ting'onoting'ono tomwe masana simutiona koma usiku magetsi akayaka manambala onse ali mchifunga, ndipo zikatero sizibwerera. Sikirini ya wailesi ili ndi zokutira zoletsa kunyezimira ndi zidindo za zala, nazo zimasupuka mawangamawanga. Mabatani aja ofewa akuda amayamba kumata ngati munathirapo uchi, tizilembo toyera ta pa mawindo ndi eyakoni nkufufutika. Ndipo mukapopera mwachindunji madziwo amalowa mmipata ya mabatani kukafika pa zamagetsi. Kampani ya Ford inanena kale mu 2019, korona asanabwere nkomwe, kuti akatswiri ake amachita kuyesa sanitaiza, mafuta odzola oteteza kudzuwa ndi mankhwala othamangitsa udzudzu pa zipangizo za mkati mwa galimoto chifukwa anaona kuti zikumalizitsa msanga. Lamba ndiye musamuyandikire ndi mankhwala aliwonse amphamvu, mabuku a galimoto amanena sopo wofatsa ndi madzi basi, chifukwa ulusi wake ukafooka simudziwa mpaka tsiku la ngozi.

Pali ondiyankha kuti koma akatswiri anavomereza. Nzoona, mu March 2020 bungwe la ku America loyesa katundu wogulitsidwa la Consumer Reports linalemba kuti isopropyl wa 70 peresenti ndi wotetezeka pa malo ambiri a mkati mwa galimoto, ndipo kuti opanga zipangizozo nawonso amamugwiritsa ntchito kufakitale. Sindikutsutsa. Koma iwo amanena zopukuta, sananene zomwaza mpweya wonse nkutseka zitseko, ndipo anachenjeza pomwepo za chikopa. Komanso zipangizo zomwe amayesa kufakitale ndi zatsopano. Zathuzi zinayenda kale zaka khumi kapena kuposa ku Japan, zawoloka nyanja, zakhala padoko, kenako zaka zina zisanu zikugona panja padzuwa la kuno popanda garaja, pulasitiki yake inauma kale ikungodikira chifukwa choti ing'ambikire. Ndipo malangizo a mu March 2020 anali a nthawi yomwe dziko lonse limapukuta mpaka mapaketi a shuga ochokera kushopu, tisanadziwe bwino kuti kachilomboka kamayenda bwanji. Tinaphunzirapo zambiri kuchokera pamenepo, chizolowezi chokha ndi chomwe sichinamve.

Chosangalatsa nchoti Ford yomweyo, itafuna njira yophera kachilombo mmagalimoto a apolisi a ku America mu May 2020, siinaike makina opopera ayi, inakonza pulogalamu yotenthetsa mkati mwa galimoto kufika madigiri 56 kwa mphindi 15, atayesa mogwirizana ndi Ohio State University. Madigiri 56, omwe ifeyo Mulungu amatipatsa ulere mkati mwa galimoto yotseka yoima padzuwa pa Chichiri masana a chilimwe. Sindikuti dzuwa ndi mankhwala a zonse, kunsi kwa mipando ndi kubuti sikutentha mofanana ndi padashibodi, koma galimoto yomwe yagona usiku wonse opanda munthu kenako nkukhala padzuwa theka la tsiku, tizilombo ta chimfine tambiri tomwe mukufuna kupha ndi spiriti tinafooka kale tokha. Nsikidzi nazo zimaopa kutentha kuposa spiriti, amene amangopha zomwe wazinyowetsa mwachindunji, zobisala mmisoko ndi mazira ake osazikhudza.

Pomwe pali ngozi yeniyeni pamalo, monga masanzi, magazi, kapena mwanyamula wodwala kutsegula mmimba kwambiri, ndi pomwenso alikoholo si chida choyenera. Kolera ya 2022 mpaka 2023 inapha anthu oposa 1,700 mdziko muno, ndipo ena mwa odwalawo anafika kuchipatala pa galimoto za anthu wamba, pa takisi, pa kabaza. Zikatero choyamba ndi magolovesi kapena majumbo mmanja, kuchotsa zonyansazo, kutulutsa mamati ndi makava a mipando panja, kutsuka ndi sopo, kenako klorini, ndipo azaumoyo a pamalo pomwe mwasiya wodwalayo amadziwa kasungunulidwe kake koyenera, afunseni musananyamuke. Klorini adzasuwitsa nsalu inde, adzadyanso zitsulo mukapanda kutsukuluza, koma apo nde pali chifukwa chomveka choonongera kava ya mpando. Chomwe musayerekeze ndi kusakaniza Jik ndi spiriti mbotolo limodzi poganiza kuti mphamvu ziwiri ziphatikizane, zimenezo zimatulutsa chloroform wokomola uja ndi mipweya ina yoopsa, mgalimoto yotseka mungagwe pomwepo. Anthu amachita zimenezi, makamaka kunyumba, ndi mtima wabwino.

Nanga alikoholo ntchito yake ili pati? Mwanyamula munthu wachimfine chamamina, kapena galimoto ndi yosinthana madalaivala, mukufuna mtima ukhale pansi. Imikani pamthunzi, zimitsani, tsegulani zitseko zonse idikire izizire kaye. Yambani ndi kansalu konyowa pang'ono ka sopo wotsukira mbale kadontho kamodzi mmadzi, kufinya bwino, kupukuta chiwongolero, giya, handibuleki, zotsegulira zitseko mkati ndi kunja, chitsulo cha lamba ndi pomwe amasomeka, makiyi, nkubwereza ndi kansalu ka madzi okha. Nthawi zambiri pamenepo mwamaliza. Ngati mukufunabe, thirani isopropyl kapena ethanol wa 70 peresenti wa lebulo yomveka pakansalu muli panja pa galimoto, osati pagalimotopo, nkupukuta pulasitiki yolimba ndi zitsulo zokha, mutayesa kaye pakona pobisika. Chikopa, sikirini, kagalasi ka sipidomita, lamba ndi nsalu zisiyeni, sikirini ikwana ndi kansalu kofewa konyowa ndi madzi. Ndudu kutali, mbaula ya mayi wachimanga chowotcha kutali, ndipo musalize injini mpaka fungo litatheratu. Kansalu konyowako musakaponye kunsi kwa mpando.

Anyamata a pakawoshi sindikuwada, iwo akugulitsa chomwe ifeyo tikufuna, ndipo tikufuna fungo. Kasitomala akalowa mgalimoto osamva kanthu mmphuno amaona ngati amubera. Nde kusintha kuyambire kwa ife olipira. Ndalama yoonjezera ya kusanitaiza ija ine ndingakonde ndimupatse mnyamata yemweyo kuti atulutse mamati onse awachape ndi burashi aume padzuwa, akankhire mipando kutsogolo achotse zisononkho, makoko a mtedza ndi timafupa ta kanyenya tomwe tikuitana mphemvu kunsiko, nkupukuta chiwongolero ndi sopo mpaka kansalu kasiye kuda. Ndipo amene muli ndi ma Toyota a ku Japan, tsegulani kabokosi ka kutsogolo kwa pasenjala, mukafinye mmbali katsike, kuseri kwake magalimoto ambiri ali ndi fyuluta ya eyakoni yomwe mpweya wonse womwe mumapuma umadutsamo. Ambiri sitinaisinthepo chiigulire galimoto, mukaisolola mupeza yakuda bii, muli masamba, nthenga, mwina ndi chisa cha mbewa, ndipo kusintha kwake sikufuna makanika olo sipanala.